Amayi akuti ndawabera ndalama, ndipo m'mudzi ayamba kunong'ona

Funso:

Ndimakhala kufupi ndi msika wa Lizulu ku Ntcheu, ndipo ndimasamala amayi anga a zaka 78. Papita zaka ziwiri chiyambireni kuiwalaiwala. Poyamba zinali zazing'ono, monga kuthira mchere kawiri m'ndiwo kapena kusiya mphika pamoto. Pano amanena kuti ndawabera ndalama, amafunsa abambo omwe anatisiya kalekale, ndipo akangotha kudya amauza anthu kuti ndikuwamana nsima. Mwezi watha anatuluka usiku asanavale bwino, n'kupezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ake. Kuyambira tsiku limenelo anthu akunong'ona kuti anagwa pochokera kotamba. Amalume akuti tipite kwa sing'anga. Achimwene omwe ali ku Johannesburg akuti ndiziwatsekera m'nyumba. Ine ndatopa, masiku ena ndimawakalipira, kenako n'kukalira ndekha kuseri. Kodi amayi apenga? Nditani?

Yankho:

Mayi, musanawerenge zambiri, yambani mwalandira mawu awa: amayi anu si mfiti, sanapenge, ndipo sakuchitira dala. Zimene mwafotokozazi ndi mmene amayendera matenda a ubongo otchedwa dementia, omwe kwathu kuno timangowatchula kuti matenda oiwalaiwala, ena n'kumati gogo abwerera ku umwana. Si ukalamba wamba ayi. M'mudzi mwanu momwemo muyenera kuti muli agogo ena opitirira zaka 90 omwe amatchula mayina a zidzukulu zawo zonse ndi malire a minda ya aliyense. Ukalamba umachepetsa mphamvu ndi liwiro, koma sumuiwalitsa munthu kuti wadya kumene.

Chomwe chimachitika n'chakuti tizigawo ta ubongo timawonongeka pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri mbali yoyamba kugwidwa ndi yomwe imasunga zinthu zatsopano. Yerekezani nkhokwe yong'ambika cha kumtunda. Chimanga chomwe mwathira lero chikutayikira panja, koma chakale chomwe chili pansi chikadalimo. N'chifukwa chake amayi akhoza kukufotokozerani za chinamwali chawo mwatsatanetsatane, koma nsima ya masana ano osaikumbukira. Imfa ya abambo nayo yatayika, mwa iwo abambo angochokapo pang'ono.

Mtundu wofala kwambiri wa matendawa umatchedwa Alzheimer, potengera dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, yemwe mu 1906 anafotokoza za mayi wina amene anayamba kuiwala ali ndi zaka za m'ma 50. Mayiyo ankabisa zinthu m'nyumba ndi kukayikira mwamuna wake, monga mmene amayi anu akukukayikirani inu. Atamwalira, dokotalayo anaunika ubongo wake n'kupeza kuti unawonongeka. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikamatsekeka, makamaka kwa anthu a BP, a shuga ndi amene anachitapo sitiroko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse mwa iwo amakhala m'mayiko osalemera ngati lathuli. Choncho si matenda a azungu. Kwathu kuno alipo ndithu, kungoti timawapatsa mayina ena, ndipo dzina lina mwa mayinawo limapha munthu.

Apa ndiye pandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu, kuposa za ndalama ndi nsima. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo, atawanena kuti ndiwo anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wina. Nkhani zotere zimayamba ndi manong'onong'o ngati amene mukuwamvawa. Pamangofunika kuti mwana wa wina adwale kapena maliro agwe mwadzidzidzi, basi chala chaloza kale kwa gogo uja anapezeka pakhomo pa eni ake usiku. Ndipo munthu wodwala matendawa sangadziteteze. Anthu khumi akamuzungulira n'kumakuwa kuti "vomerani, mumadzatani kuno?" iye chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka akhoza kungoti "eya" pa chilichonse. Anthu n'kumati waulula yekha.

Ndiye musadikire kuti mudzi utchule dzina lake. Tchulani ndinu, msanga, ndiponso poyera. Mabanja ambiri amabisa wodwala wotere chifukwa cha manyazi, koma kubisako n'kumene kumapatsa mphamvu mphekesera. Achipatala akawaona, pitani kwa amfumu mutatenga buku la kuchipatala la amayi, mutsagane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Mukawauze kuti, "Gogo akudwala matenda a ubongo, achipatala awaona. Amasochera ndipo amaiwala. Aliyense wowaona akuyenda okha, masana kapena usiku, awagwire dzanja abwere nawo kunyumba." Pemphani amfumu kuti akanene mawu amenewa pamsonkhano wa mudzi ndi pakamwa pawo. Chitaninso chimodzimodzi kutchalitchi, kwa abusa kapena akulu ampingo, kumphakati, kwa amayi a Chigwirizano kapena a Mvano, kulikonse komwe amayi ankapemphera. Banja lomwe anakapezeka pakhomo pawo lija mukalione panokha, mukhale nawo pansi mufotokoze. Munthu amene wapemphedwa kuti athandize amavutika kuti mawa lake atole mwala.

Dziwaninso kuti lamulo lili kumbali yanu. Lamulo la dziko lino la za ufiti, lomwe linakhazikitsidwa mu 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Wina akayamba kuopseza, musazengereze, kanenani kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit.

Amalume musalimbane nawo. Ndi eni mbumba, ndipo nawonso akufuna yankho pa zomwe zikuchitikira mlongo wawo. Koma ine ulendo wa kwa sing'angawo ndikuukana, ndipo chifukwa chake ndi ichi: mukapita ndi funso lakuti "wachita izi ndani?" mudzabwerako ndi dzina la munthu. Dzinalo likhoza kukhala la amayi omwewo, la mnansi, kapena lanu, popeza amayi akunena kale kuti mumawabera ndi kuwamana chakudya. Kuwonjezera apo, mankhwala osanzitsa ndi otsegula m'mimba akhoza kugwetseratu munthu wa zaka 78. M'malo mwake apempheni amalume kuti akuperekezeni kuchipatala, akalowe nawo m'chipinda cha dokotala, akafunse okha mafunso awo. Akakhutira iwowo, adzakhala mboni yanu yamphamvu kwa amfumu ndi kwa abale.

Mwina mufunsa kuti kuchipatala tikatani ngati matendawa sachizika. N'zoona, mankhwala ochiza Alzheimer kulibe, ndipo omwe alipo, monga donepezil, amangochepetsa zizindikiro kwa ena kwa kanthawi. Koma pali matenda ena omwe amaoneka ngati dementia kapena kuikulitsa, ndipo amenewo amathandizika: kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, HIV, chindoko chokhalitsa, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, mowa, komanso matenda obwera munthu akamadalira nsima yokha popanda ndiwo zokwanira, omwe amadetsa ndi kukakalitsa khungu la pakhosi ndi m'mikono n'kumatsegulanso m'mimba. Akawayeze BP ndi shuga. Akawaone maso ndi makutu, chifukwa gogo wa ng'ala amaona munthu pomwe pali chitenje chopachika, ndipo wosamva bwino amaganiza kuti anthu akumunena. Yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi, ndipo mupemphe kuti akutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma ku Ntcheu kuti mukaonane ndi oona za matenda a m'maganizo. Mutenge mankhwala onse omwe amayi amamwa, ngakhale ogula pagolosale, ndipo mukafotokoze ndinu mbiri yonse kuyambira pa mchere uja. Zowatumiza ku chipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba kukagonekedwa musaziganizire. Munthu wa matendawa akachotsedwa pamalo pomwe anazolowera amasokonezeka kwambiri.

Chinthu chimodzi musachiiwale. Dementia imayenda pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka. Mukaona kuti amayi asintha mwadzidzidzi, dzulo anali bwinoko koma lero akungogona, akubwebweta kapena akuona zinthu zomwe palibe, musanene kuti matenda aja akula. Kawirikawiri kumakhala kuti m'thupi mwalowa china: malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena ululu womwe akulephera kuufotokoza. Tsiku lomwelo apite kuchipatala. Ndipo wina akakulangizani mapiritsi ogonetsa kuti mupumeko usiku, samalani nawo. Mankhwala monga diazepam, haloperidol ndi chlorpromazine amagwetsa okalamba n'kuwathyola chiuno, amawonjezera kusokonezeka, ndipo ena mwa iwo amakulitsa chiopsezo cha sitiroko. Ndi oyenera pokhapokha dokotala waona kuti palibenso njira ina, pamlingo wochepa, kwa masiku owerengeka.

Tsopano za pakhomo. Luso lalikulu pa chisamaliro chonsechi ndi kusiya kutsutsana nawo, ndipo ndi lovuta zedi, chifukwa zomwe akunenazo zimapweteka. Mwana amene wasiya zake zonse kuti asamale mayi wake, n'kumatchedwa wakuba pamaso pa anthu! Koma taonani mmene zimakhalira kumbali yawo. Anamanga ndalama pansonga ya chitenje, kenako anazimasula n'kuzibisa pansi pa mphasa kuti zisabedwe. Kubisako kwatayika m'mutu. Akuona nsonga ya chitenje ilibe kanthu, ndipo munthu yekhayo amene amalowa m'chipindamo ndinu. Mukati "sindinabe", kwa iwo wakuba aliyense amatero. Mukabweretsa mboni, ndiye kuti mwapangana. Simungapambane mlandu umenewu, ndiye musauyambe n'komwe. Nenani kuti, "Pepani amayi, zasowa eti? Tiyeni tifunefune limodzi." Pakapita masiku mudzadziwa malo awo obisa, awiri kapena atatu, ndipo muzikayamba kumeneko. Musawalande ndalama zonse. Asiyireni zochepa zoti azigwira, zambiri muzisunga ndinu, mbale wina akudziwa. Ndipo musanataye phulusa kapena zinyalala, muziyamba mwayang'anamo.

Za abambo n'zofunika mtima wofatsa koposa. Mukawauza kuti "abambo anamwalira kalekale", kwa iwo ndi uthenga wamaliro wofika lero. Adzalira ngati mmene analirira tsiku lija, pakapita ola limodzi aiwala, afunsanso, inu muwauzanso. Kumeneko n'kuwaikitsa maliro a mwamuna wawo kasanu pa tsiku. Ena amandifunsa kuti, ndiye tiziwanamiza, ife anthu opemphera? Ine ndimati nthawi zambiri bodza silifunika n'komwe. Yankhani chomwe chili mumtima mwawo. "Mwawasowa abambo eti? Tandiuzeni, munakumana kuti?" Mudzaona nkhope ikumasuka, ndipo mwina mudzamva nkhani ya makolo anu yomwe simunaimvepo. Munthu akamafunsa mwamuna wake kapena mayi wake amene anapita kale, kawirikawiri akunena kuti ali ndi mantha ndipo akufuna wina pafupi. Akafunsa mwachindunji, maso ali pa inu, kuti "kodi anamwalira?", pamenepo auzeni zoona mofatsa, mutawagwira dzanja.

Nkhani ya nsima ndi yopepukirapo. M'malo mwa chakudya chambiri kawiri pa tsiku, muziwapatsa pang'onopang'ono kangapo. Akati sanadye, musawaonetse mbale ngati umboni. Ingonenani kuti "ndiwo zili pamoto, bagwirani nthochi iyi", kapena mbatata yophika, kapena kaphala kothira nsinjiro. Madzi muziwapatsa m'manja osadikira kuti apemphe, chifukwa ludzu nalo amaliiwala.

Nanga usiku uja ankapita kuti? Ambiri a matendawa amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa ndi usiku. Mwina ankafuna chimbudzi n'kusochera mumdima. Mwina anadzuka poganiza kuti kwacha, ayenera kulawirira kumunda monga anachitira moyo wawo wonse. Mwina ankapita "kwawo", kumudzi komwe anakulira. Zovala mwina anavula chifukwa anadzikodzera ndipo anachita manyazi. Palibe chodabwitsa pamenepa kwa munthu wodziwa matendawa.

Nkhawa ya achimwene anu ndi yomveka, chifukwa malo omwe mukukhalawo ndi oopsa kwa munthu wosochera. Msewu wa M1 uli pomwepo ndi magalimoto akuluakulu othamanga usiku, ndipo pa Lizulu munthu akangowoloka msewu ndiye kuti ali ku Mozambique. Chisanu cha mu Juni ndi Julayi cha kumapiri kwanuko chikhoza kupha wokalamba amene wagona panja. Komabe kuwatsekera okha m'nyumba inu n'kuchokapo ndi koopsa: moto ukabuka sangatuluke, ndipo mantha amawachititsa kuswa zenera kapena kudzivulaza. Kuwamanga ndi chingwe ndiye ayi ndithu, ngakhale tsiku limodzi. Chomwe chimathandiza ndi chakuti munthu wina azigona nawo chipinda chimodzi. Chitseko chakunja muzitseka usiku inu muli momwemo, ndipo loko kapena chotsekera chikhale m'mwamba pomwe sayang'ana kawirikawiri. Mangirirani zitini kapena kabelu pachitseko kuti chikatseguka mumve. Ikani ndowa pafupi ndi pogona pawo ndi kanyale ka sola koyaka usiku wonse. Masana aziothera dzuwa, aziyenda nanu popita kudimba kapena kumjigo, asamagone nthawi yaitali, ndipo tiyi wa madzulo mumusiye. Sokererani kansalu kolembedwa dzina lawo, mudzi ndi nambala ya foni yanu m'kati mwa malaya omwe amavala kawirikawiri. Auzeni amayi ogulitsa kabichi ndi kachewere pamsika, ndi anyamata a kabaza, kuti akawaona akuimbireni. Anthu amenewa amaona aliyense wodutsa.

Muyang'anenso m'nyumba ndi maso atsopano. Kudera la ulimi wa ndiwo zamasamba ngati lanu, mankhwala opopera tomato ndi mbatata amasungidwa m'mabotolo a zakumwa, ndipo amayi sangasiyanitse. Amenewo, pamodzi ndi mankhwala a chimanga, a makoswe, palafini ndi mapiritsi, akhale potsekedwa. Asamaothe moto okha, ndipo mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wake umapha mwakachetechete.

Koma musawalande ntchito zonse. Manja amakumbukira zomwe mutu waiwala. Apatseni lichero asankhe nyemba, atonole chimanga, aswe mtedza, asese pabwalo. Akasakaniza zabwino ndi zoipa, mudzakonza iwo atachokapo, osawadzudzula. Munthu amene wakhala akudyetsa banja kwa zaka makumi asanu akangokhazikidwa pakhonde opanda chochita, amayamba kuyendayenda ndi kukwiya. Nyimbo nazo zimakhalitsa m'mutu modabwitsa. Ndaonapo agogo omwe sankatchulanso dzina la mwana wawo aliyense, koma amayi anzawo atayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, anaimba ndime zonse osaphonya. Ngati ankavina ngoma pautsikana wawo, ayimbireni zimenezo. Polankhula nawo muzibwera chakutsogolo, mukhale pansi kuti maso akumane, munene chinthu chimodzi n'kudikira yankho. Funso lakuti "mwandizindikira kodi? Ndine yani?" muwaletse alendo, chifukwa ndi mayeso omwe amangowachititsa manyazi. Aliyense azingodzitchula yekha. Aitaneni ndi mfunda wawo monga mwa masiku onse, ndipo ana a pakhomo aphunzitseni kuti gogo akudwala, si oseweretsa. Powasambitsa sankhani masana kukatentha, madzi ofunda, munthu wamkazi amene amamuzolowera, chitenje chili pathupi. Akakana, musakakamize, mudzayesenso pakapita kanthawi. Paja akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsopano za inu. Mwalemba kuti mumawakalipira kenako n'kukalira kuseri. Sindikuweruzani. Munthu amene sanagone tulo tokwanira kwa miyezi, amene akutchedwa wakuba m'nyumba mwake, mtima umamuthera. Mukamva kuti mkwiyo ukukwera, onetsetsani kuti amayi ali pabwino, tulukani, mukaime kuseri kwa nyumba mpaka mtima utsike. Koma tsiku lomwe mudzaone kuti dzanja likufuna kunyamuka, dziwani kuti katunduyu wakulemerani kopitirira, ndipo muuze munthu tsiku lomwelo. Inunso mukayezetse BP, ndipo ngati tulo sitikubwera ngakhale mpata ulipo, kapena mukungolira masiku ambiri, mukawauze achipatala omwewo.

Itanitsani msonkhano wa banja, amalume atsogolere, achimwene alowe pa WhatsApp. Musakanene kuti "mundithandize", chifukwa aliyense adzavomera ndipo palibe adzabwere. Mukatchule ntchito ndi dzina la mwini wake: uyu azigona ndi gogo Lachiwiri ndi Lachisanu, uyu azikhala nawo tsiku la msika kuti ine ndikagulitse, uyu aziwaperekeza kuchipatala. Achimwene azitumiza ndalama yodziwika mwezi ndi mwezi ya sopo, pulasitiki yoyala pogona, matewera a akuluakulu akadzafunika, thiransipoti ndi aganyu a kumunda kwanu, popeza inu simungalime ndi kulera nthawi imodzi. Konzekerani kumva mawu akuti "koma amayi akumveka bwinobwino pafoni". Odwala matendawa amatha kudzigwira kwa mphindi zochepa pamaso pa mlendo, moni ndi malonje n'kuyenda bwino. Achimwene akadzabwera patchuthi, asiyireni amayi masiku atatu usana ndi usiku, inu mukapume kwa mbale. Kafunseninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ngati banja lanu lingalowe mu Mtukula Pakhomo. Pamsonkhano womwewo mukambirane za minda ndi katundu wa amayi, amfumu akudziwa, ndipo mugwirizane kuti pasapezeke munthu wowadinditsa chala papepala lililonse ali okha.

Sindikubisirani zakutsogolo. Matendawa amapitirira, kwa ena mofulumira, kwa ena zaka zambiri. Idzafika nthawi yomwe amayi adzasiya kuyendayenda, mawu adzachepa, mkodzo ndi chimbudzi sadzazigwiranso, ndipo kumeza kudzavuta. Pamenepo muzidzawadyetsa atakhala tsonga, phala lolimbirako pang'ono chifukwa zamadzimadzi ndizo zimatsamwitsa, supuni imodzi n'kudikira, ndipo asagone pansi akangotha kudya. Akadzakhala chigonere muzidzawatembenuza pakapita maola awiri alionse, khungu likhale louma, ndipo muziyang'ana m'chiuno, kumatako ndi kuzidendene ngati payamba kusintha mtundu. Mudzafunse kuchipatala za gulu losamalira odwala matenda okhalitsa ndi kuchepetsa ululu, kuti akuphunzitseni ndi kukuthandizani.

Lidzafikanso tsiku lomwe adzakuyang'anani n'kufunsa kuti, "Kodi inu ndinu yani?" Mwinanso adzakuitanani kuti achemwali, kapena amayi. Tsiku limenelo limapweteka kwambiri, ndipo mukafuna kulira mudzalire. Koma musadzawakonze mwaukali kapena kuwafunsa kuti aiwala bwanji mwana wobala okha. Akadzati "amayi", mudzayankhe kuti "ndili pano". Akadzafunsa dzina, mudzatchule dzina lanu la paubwana lomwe anakupatsani iwowo, mukhale nawo pamphasa, muwadzoze mafuta m'manja ndi m'mapazi mpaka mantha aja atsike.